Kutchuka kongogweramo: za filimu ya Bowfinger ndi kisi ya ku Moscow

Pali sini ina mufilimu ya Bowfinger yomwe ndikaikumbuka ndimaseka ndekha mpaka anthu kundiyang'ana. Mnyamata wamagalasi, mano ali ndi tiwaya towongolera tija, waima m'mphepete mwa chimsewu cha ku Los Angeles, misewu ija yoti magalimoto amadutsa mizeremizere osapumira, ndiye amuuza kuti thamanga uwoloke kamera ikujambula. Iye mantha amugwira, bwana wake nkumunamiza kuti usade nkhawa, onse akuyendetsa magalimotowa ndi madalaivala odziwa ntchito yamafilimu, sangakugunde. Bodza lamkunkhuniza, ndi anthu wamba ongodzipitira kwawo. Mnyamata uja awoloka akukuwa, afika tsidya mtima uli phaphapha, asanapume nkomwe amuuza kuti bwerezanso. Dzina lake ndi Jiff, ndipo chomwe iye amalakalaka pamoyo ndi ntchito yotumidwatumidwa basi, kathamangire ichi, kagule icho. Koma nkhope yake ikufanana ndi ya selebu wamkulu, ndiye mwayi wake ndi tsoka lake zonse zagona pankhope pomwepo.

Filimuyi inatuluka mu 1999. Analemba ndi Steve Martin, yemwenso akusewera ngati Bobby Bowfinger, dayirekita wake anali Frank Oz, bambo uja amene mawu ake ndi omwe timamva kwa Yoda mu Star Wars. Eddie Murphy akusewera anthu awiri, Kit Ramsey selebu wamafilimu a nkhonya ndi mfuti, komanso Jiff wathu uja. Zosewera anthu angapo mufilimu imodzi Murphy anazizolowera kale, amene anaonera Coming to America ya 1988 akukumbuka madala a mubabashopu aja.

Nkhani yake imayenda chonchi. Bowfinger ndi pulodyusa wotsalira, wangongole, wokhala mkanyumba kotha ndi galu wake, zaka zikupita palibe chomwe wapanga chooneka. Wowerengera ndalama wake, Afrim, walemba sikiripiti yotchedwa Chubby Rain, ya zamoyo zakuthambo zomwe zikubwera padziko zitabisala m'madontho a mvula, zopusa zenizeni koma Bowfinger akuti iyi ndiye golide. Apita kulesitilanti komwe mabwana amadyera, anamizira kuti akuyankhula pafoni ndi anthu akuluakulu pomwe foniyo ndi yakufa, mpaka bwana wina wa situdiyo, yemwe akumusewera Robert Downey Jr., amuuza mongomuchotsa kuti ukapeza Kit Ramsey ndiye filimuyo tiitenga. Kit amuthamangitsa ngati galu. Ndiye Bowfinger aganiza nzeru yake: tijambula filimuyo Kit ali momwemo koma iye osadziwa. Kamera aibisa m'tchire kapena m'galimoto, maekitala ake amavumbulukira Kit kulesitilanti, mumsewu, koimika magalimoto, nkuyamba kumulankhula mawu a musikiripiti za zamoyo zakuthambo, iye nkumadzidzimuka ndi kuthawa, kamera ikungojambula. Maekitalawo awanamiza kuti Kit akudziwa zonse, kungoti ndi mmene amagwirira ntchito, safuna kuona kamera ndipo safuna kucheza ndi aliyense, iwo nkumagoma kuti eee koma ndiye luso.

Chokometsa zinthu nchakuti Kit mutu wake sukuyenda bwino kale, amaopa zamoyo zakuthambo zomwezo, amamva mawu, amaona chiwembu paliponse, mpaka amawerenga kuti chilembo K chatuluka kangati musikiripiti kuti apezemo KKK, gulu la azungu odana ndi anthu akuda ku America. Amadalira gulu lina lotchedwa MindHead, la anthu ovala tizipewa tosongoka, lomwe limamulangiza ndi kumusunga chifukwa ndalama zake ndi zambiri, ndipo olemba za mafilimu ambiri anaona kuti apa akunyogodola Scientology, chipembedzo chomwe chili ndi maselebu ambiri ku Hollywood. Ndiye tangoganizani munthu wotereyu, mayi wachilendo nkumutulukira pamsewu kumuuza zoti mvula yabwera ndi alendo. Mantha omwe akuoneka pankhope yake ndi enieni, ndipo ndi omwe filimu ya Bowfinger ikufuna.

Tsopano funso lomwe munthu angafunse ndi lakuti, chifukwa chani kuvutika chonsechi, osangotenga ekitala wina wotchipa nkujambula bwinobwino? Apa mpomwe pali fupa la nkhaniyi. Ku Hollywood ndalama siitsata nkhani yabwino, imatsata dzina. Filimu isanajambulidwe nkomwe, makamaka ya pulodyusa woima payekha, imatha kugulitsidwiratu kwa makampani oonetsa mafilimu m'mayiko osiyanasiyana, wina agula ufulu wa ku Germany, wina wa ku Japan, wina wa ku Brazil, ndipo makontirakiti amenewo ndi omwe pulodyusa amapita nawo kubanki kukakongola ndalama yojambulira. Ogulawo sanaone chilichonse, filimu kulibe, chomwe ali nacho ndi pepala lolembapo kuti muli uje ndi uje. Dzina likakhala lalikulu mtengo umakwera, likakhala losadziwika palibe akuyankha foni. Masitudiyo akuluakulu nawo mpaka lero amafunsa kaye kuti mukhala ndani asanavomereze. Zaka za m'ma 1990 ndiye zinafika posauzana, Jim Carrey analandira madola 20 miliyoni pa filimu imodzi, The Cable Guy ya 1996, ndipo ena apamwamba anayamba kufuna zomwezo. Bwana uja ponena kuti peza Kit Ramsey sananene kuti sikiripiti yako ndi yabwino, iye sizikumukhudza kuti m'madontho a mvula muli chani.

Bowfinger ndalama yomwe ali nayo ndi madola 2,184 omwe wakhala akusunga kuyambira ali mwana, ndipo amalimbikira kuti filimu iliyonse ikachotsedwa zokokomeza za maakaunti mtengo wake weniweni ndi womwewo. Nthabwala imeneyi ikugunda chinthu chodziwika, kawerengedwe ka ndalama ka masitudiyo komwe filimu yopanga mamiliyoni imatha kuoneka pamapepala ngati yaluza, kuti amene analonjezedwa gawo la phindu asalandire kanthu. Chosekesa china, Bowfinger yeniyeniyo inadya pafupifupi madola 55 miliyoni kuti ationetse anthu opanga filimu ndi 2,184, nkubweza pafupifupi 98 miliyoni.

Zina zonse amangobera. Kamera mnzake Dave amaizembetsa ku situdiyo komwe amagwira ntchito nkukaibweza mwakachetechete, magalimoto apamwamba chimodzimodzi. Ogwira kamera ndi magetsi akawatola kumalire ndi Mexico, anthu olowa mdziko opanda mapepala, poti sangafunse malipiro a yuniyoni, ndipo filimu ikamapita kutsogolo anthu omwewa asanduka akatswiri okambirana za mafilimu akale mozama kuposa bwana wawo. Palinso Daisy, yemwe akumusewera Heather Graham, mtsikana wotsika basi kuchokera ku Ohio wooneka wosadziwa kanthu, koma sanachedwe kuzindikira kuti mphamvu zili ndi ndani, ndiye zibwenzi zake zikukwera makwerero, akangomva kuti wolemba ndi amene angamuonjezere masini ali kwa wolemba, akamva kuti ndi dayirekita wasamuka. Gawo limeneli ine ndimaliona kuti lakalamba pang'ono, maka titamva zomwe zinaululika mu 2017 za Harvey Weinstein, pulodyusa wamkulu wogwirira akazi, kuseka mtsikana m'malo moseka mabwana omwe anakonza makwererowo kumawawa pakhosi.

Koma kodi zingatheke kupanga filimu ndi munthu woti sakudziwa? Kumbali ya luso, inde, ndipo amene anazitulukira bwino ndi a ku Russia zaka zoposa 100 zapitazo. Mphunzitsi wina wa mafilimu, Lev Kuleshov, anatenga kanema wa nkhope ya ekitala Ivan Mosjoukine, nkhope yongoti duu yosaonetsa kanthu, nkuilumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Oonera ankaona njala, chisoni, chilakolako, pomwe nkhope ndi imodzimodzi yomweyo. Tanthauzo limabadwa polumikiza zidutswa, patebulo la wodula filimu. Ukajambula Kit akuthawa mayi wachilendo nkulumikiza ndi sini ya chilombo, woonera aona ekitala akuthawa chilombo, basi yatha.

Ndipo mmodzi wa ophunzira a Kuleshov yemweyo, Sergei Komarov, ndi amene anapanga filimu yomwe ine ndimaitenga ngati agogo ake a Bowfinger. Imatchedwa A Kiss from Mary Pickford m'Chingerezi, ya 1927, yopanda mawu. Kuti muimvetse mukuyenera kudziwa kuti Mary Pickford ndi mwamuna wake Douglas Fairbanks anali ndani nthawi imeneyo. Pickford, wobadwira ku Toronto mu 1892 dzina lake lenileni Gladys Smith, anali mkazi wotchuka kwambiri m'mafilimu padziko lonse, Fairbanks anali dolo wodumpha makoma ndi lupanga mu The Mark of Zorro ndi The Thief of Bagdad. Awiriwa limodzi ndi Charlie Chaplin ndi D. W. Griffith anayambitsa kampani ya United Artists mu 1919 kuti asamadyeredwe ndi masitudiyo, nkukwatirana mu 1920. Ku Soviet Union nthawi imeneyo boma linali litamasula pang'ono zamalonda pansi pa ndondomeko ya NEP, ndiye m'maholo munadzaza mafilimu a ku America, akuluakulu achipani akufuna anthu aziona za kusintha kwa dziko ngati Battleship Potemkin ya Sergei Eisenstein, anthu wamba akukankhana pamzere wa Fairbanks. Mu July 1926 banjali linafika ku Moscow, chikhamu chomwe chinawalandira chinali chosaneneka.

Komarov anajambula ulendowo, nkujambulanso kasini kamodzi Pickford akupsompsona ekitala wanthabwala Igor Ilyinsky. Pa kachidutswa kameneko ndi pomwe anamangapo filimu yonse. Ilyinsky akusewera Goga Palkin, wong'amba matikiti paholo ya kanema, wagwa mchikondi ndi Dusya yemwe akufuna kudzakhala ekitala ndipo mutu wake wadzaza Fairbanks, safuna mwamuna wosatchuka. Goga ayesa mwayi ku situdiyo, zinthu nkungochitika kuti alendo otchuka aja abwera, Pickford nkumupatsa kisi patsaya. Basi kuchokera pamenepo Goga sapuma, atsikana akumuthamangitsa m'misewu, anthu omwe dzulo samamupatsa moni lero akufuna angomukhudza, Dusya nsanje yamugwira wayamba kumufuna. Goga sanasinthe chilichonse, sanaphunzire luso, ndi wamatikiti yemwe uja, chasintha ndi tsaya lokha.

Kwa zaka zambiri anthu ankafalitsa kuti Pickford ndi Fairbanks sankadziwa kuti akulowa mufilimu, kuti Komarov anadzionetsa ngati wojambula nkhani chabe. Ofufuza mbiri ya mafilimu amati ayi, awiriwo anatengako mbali akudziwa, ngati kusonyeza ubale ndi opanga mafilimu a ku Russia. Koma mphekeserayo inakoma kuposa zoona, ndipo mukaiyang'ana ndi pulani ya Bowfinger ndendende. Ine chomwe chimandisangalatsa ndi ukathyali wa situdiyo yomwe inapanga filimuyi, Mezhrabpom-Rus: akuseka anthu openga ndi maselebu a ku America, koma chokokera anthu omwewo kuholo ndi dzina la Mary Pickford pachikwangwani. Bowfinger nayo ndi chimodzimodzi, ikunyoza zoti filimu siyenda popanda dzina lalikulu, pomwe payokha inayenda chifukwa pali Eddie Murphy ndi Steve Martin, ndipo ndi Universal yomwe inaitulutsa. Hollywood kudziseka siiopa bola tikiti igulidwe.

Kumbali ya malamulo ndiye nkhani ina. Ku California munthu ali ndi ufulu pa dzina lake, mawu ake ndi nkhope yake, sungazigwiritse ntchito pamalonda iye osavomera, nchifukwa chake opanga mafilimu amayenda ndi mafomu osainitsa anthu, komanso kujambula mumsewu wa Los Angeles kumafuna chilolezo ndi inshuwalansi. Palibe kampani yomwe ingaonetse filimu yoti selebu wake sanasaine. Steve Martin ankazidziwa zimenezi, nchifukwa chake kumapeto a MindHead atulukira chinyengocho nkuimitsa zonse pa sini yomaliza ku Griffith Observatory, malo oonera nyenyezi a ku Los Angeles. Chomwe chapulumutsa Bowfinger si luso, ndi kanema yemwe anyamata ake anajambula mobisa akutsatira Kit, akudzivula pamaso pa atsikana ovina a timu ya basiketibolo ya Los Angeles Lakers. Aopseza nazo a MindHead, a MindHead poopa kutaya ng'ombe yawo yamkaka auza Kit kuti amalize filimuyo. Ndiye kuti ngakhale munthabwala siginecha inafunikabe, kungoti inapezeka mwa njira yauve.

Zobera nkhope ya munthu zachitikadi, si zamufilimu zokha. Amene tinakulira m'mavidiyo sho tikudziwa Game of Death ya Bruce Lee. Lee anamwalira mu 1973 atangojambula pang'ono, koma filimu inatuluka mu 1978, Lee weniweni akuoneka mphindi pafupifupi 11 zokha, kwina konseko ndi anthu ena ovala magalasi akuda, otembenukira kumbali, pena mpaka anamata chithunzi cha nkhope yake pagalasi loyang'anira, nkuikamonso kanema wa maliro ake enieni. Ife tinkangokuwa kuti ekitala wafika osadziwa kuti theka la nthawi tikuombera mmanja Jiff wa ku Hong Kong. Ina ndi ya Crispin Glover yemwe anasewera bambo ake a Marty mu Back to the Future ya 1985. Sanagwirizane ndi opanga gawo lachiwiri, iwo nkutenga ekitala wina, Jeffrey Weissman, kumumata mphuno ndi chibwano zopanga kuti afanane ndi Glover, nkusakaniza ndi zidutswa zakale. Glover anawasumira, nkhani inathera kunja kwa khoti atamulipira, ndipo yuniyoni ya maekitala inakhwimitsa malamulo pa zoterezi. Mu 2023 nkhani yomweyi inabweranso ndi makompyuta, yuniyoni ya SAG-AFTRA inanyanyala ntchito kuyambira pa 14 July mpaka pa 9 November, ndipo imodzi mwa mfundo zazikulu inali yoti situdiyo isamajambule thupi ndi nkhope ya munthu kamodzi nkumazigwiritsa ntchito ndi AI mpaka kalekale popanda chilolezo ndi malipiro. Bowfinger wa lero sangavutike kubisala m'tchire, angofuna laputopu.

Tibwerere kwa Jiff, poti ndi amene ndimamukonda. Amulemba ntchito Kit atathawira kobisala kwa a MindHead, kuti aziima m'malo mwake pa masini akutali ndi akumbuyo. Pomufunsa ngati ali ndi chidziwitso cha mafilimu iye ayankha moona mtima kuti amabwereka matepi pafupipafupi ku Blockbuster, sitolo yobwereketsa mavidiyo. Murphy apa anasewera bwino kuposa pa Kit, kumwetulira kwamanyazi kuja, kuyang'ana pansi, kusangalala ndi tinthu tating'ono ngati mwana wopatsidwa switi. Pakati pa filimu ndi pomwe zimadziwika kuti kufananako si kwangozi, Jiff ndi m'bale wake weniweni wa Kit, ndipo amazinena mongodutsa ngati si nkhani. Chomwe chamukhudza mtima nchakuti kwa nthawi yoyamba anthu amufuna iyeyo osati chifukwa cha m'bale wake, ife oonera tikudziwa kuti si zoona kwenikweni, amutenga chifukwa cha nkhope ya m'bale wakeyo, ndipo apa nthabwala imaluma pang'ono. Magazi amodzi, nkhope imodzi, wina ali m'chinyumba cha mpanda akunjenjemera ndi mantha, wina akusangalala kuti amutuma. Filimuyi siinena kuti wina ndi waluso kuposa mnzake, ndipo mu Chubby Rain yomalizidwayo woonera sangasiyanitse kuti apa ndi Kit apa ndi Jiff.

Kusiyana kwa mafilimu awiriwa ndimakuona pa amene akusekedwa. Komarov akuloza chala chikhamu, anthu othamangira tsaya lopsompsonedwa. Steve Martin chikhamu sachiseka kwambiri, akuseka mabwana ndi maselebu, koma anthu ake otsalira aja amawakonda, ndipo usiku woonetsa Chubby Rain koyamba kamera imakhala pankhope zawo akudziona pachinsalu chachikulu, maso ali mbee, ngakhale filimuyo ndi yachabechabe. Bowfinger ndi wabodza, wakuba, anaika moyo wa Jiff pachiswe pamsewu uja, koma umapezeka ukumufunira zabwino, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi zikunena zambiri za iye kapena za ife.

Pambuyo pake galimoto ya kampani yonyamula makalata ya FedEx, yomwe Bowfinger wakhala akuilakalaka moyo wake wonse kuti tsiku lina idzaime pakhomo pake ngati mmene imaimira kwa anthu ofunika, iimadi. Mu envelopu muli kontirakiti yochokera ku Taiwan, akufuna filimu ya karate, ndipo amene akumufuna ndi m'bale wake wa Kit Ramsey. Ndiye timuona Jiff, magalasi ali pamaso, akumenya gulu la maninja mufakitale ya zikwama zachinyengo, mateche ake osafika ndi m'chiuno momwe, maninja akudzigwetsa okha.